Mukufuna kupanga ndalama? Yambani ndi ntchito, crypto ibwere kumapeto

Anthu ambiri akamafunsa kuti kodi ndalama ndingazipeze bwanji, mumtima amakhala akuganiza kale za crypto (ndalama za pa intaneti monga Bitcoin) kapena forex (kugula ndi kugulitsa ndalama za mayiko osiyanasiyana), chifukwa ndi zomwe zadzadza pa Facebook ndi TikTok, anyamata ataimirira pambali pa magalimoto odula akuti aliyense atha kulemera ali pa foni basi. Njira zomwe munthu wamba angapezere ndalama ndi zodziwika: kulembedwa ntchito kapena kugulitsa luso lako, geni yaing'ono, kuika ndalama m'masheya ndi zina zotero, kenako crypto. Zonsezi ndi zenizeni ndithu, koma zili ndi ndondomeko yake, ndipo amene amayambira kumapeto ndi amene amapsa. Ndikuyendetsani sitepe ndi sitepe, koma paliponse muzidzifunsa funso ili: ndalama ndikulandirayi ikuchokera kwa ndani, ndipo iyeyo akupindulapo chani pondipatsa? Ngati yankho lake silikumveka bwino, musaikepo ngakhale kakobiri.

Sitepe yoyamba: dziwani komwe ndalama zanu zikupita

Musanaganize zowonjezera, tengani kabuku kapena tsegulani Notes pa foni, ndiye kwa mwezi wathunthu muzilemba chilichonse chomwe chalowa ndi chomwe chatuluka, ngakhale ka data kamene mwagula usiku kapena kamene mwatumizira m'bale wanu. Muzilemba tsiku lomwelo, osati kudikira kumapeto kwa sabata, chifukwa mutu umaiwala dala zinthu zomwe sukufuna kuzikumbukira. Mwezi ukatha muwerengetsere, muone zofunika zenizeni monga lendi, thiransipoti, fizi ndi mankhwala, ndipo muone zomwe zimangopita. Nambala yomwe mukufuna apa ndi imodzi: kuti mukhale ndi moyo mwezi umodzi pamafunika zingati. Nambala imeneyi tiigwiritsa ntchito kutsogoloku, ndiye isakhale yongoganizira.

Sitepe yachiwiri: ntchito kapena luso, chifukwa mpamba umachokera kumeneko

Apa funso lathu lija limayankhika mosavuta: bwana kapena kasitomala amakupatsa ndalama chifukwa wamuthetsera vuto. Ndiye ngati mukufuna malipiro akwere, funsani kuti ndi vuto lanji lomwe anthu akulolera kulipira zambiri kuti lithe, osati kuti ndi setifiketi yanji yomwe ndilibe. Njira yachidule yodziwira ndi iyi, tsegulani LinkedIn kapena malo alionse olengezera ntchito, muwerenge zotsatsa za ntchito yomwe mukuifuna zingapo ndithu, ndipo mulembe maluso omwe akubwerezedwabwerezedwa. Mupeza kuti ndi ochepa omwewo, mwina Excel, mwina kulemba malipoti, mwina kuwotcherera, mwina laisensi yoyendetsera galimoto yaikulu. Sankhani limodzi lomwe mulibe, mulipatse ola limodzi patsiku mpaka mulidziwe. Limodzi basi. Anthu amayamba makosi asanu nthawi imodzi pa YouTube ndi Coursera osamaliza ngakhale imodzi.

CV ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, ndipo musalembemo kuti ndinu olimbikira komanso okhulupirika, aliyense amalemba zomwezo ndipo wowerenga amangodumpha. Lembani zomwe munachita ndi manambala ake, monga kuti munkathandiza makasitomala angati patsiku kapena munkasunga sitoko ya ndalama zingati. Ndipo muzisintha CV kuti igwirizane ndi ntchito iliyonse yomwe mukufunsira, kutumiza imodzi yomweyo kumakampani 50 n'kutaya nthawi. Pa intavyu akakufunsani za malipiro, musafulumire kutchula nambala, afunseni kaye kuti pa udindowo anakonza zingati, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe mu kontirakiti musanayambe.

Za ntchito za pa intaneti, malo ngati Upwork ndi Fiverr ndi enieni, anthu amalembako, kumasulira, kupanga ma logo, kukonza ma website. Koma dziwani kuti Fiverr imadula 20 peresenti pa ntchito iliyonse, ndipo miyezi yoyamba imakhala yowuma chifukwa palibe amene wakupatsani ndemanga, ndiye konzani zitsanzo zitatu za ntchito yanu zoti munthu aone musanayambe kufunsira. Komanso mufufuziretu kuti ndalama muzilandira bwanji, chifukwa njira ngati PayPal sizigwira ntchito mofanana m'mayiko onse, ena amatha kutumiza koma osalandira.

Chenjezo apa: wolemba ntchito weniweni sakuuzani kuti mulipire kaye ndalama ya fomu, ya maphunziro kapena ya yunifomu asanakulembeni. Palinso chinyengo china chafala pa WhatsApp ndi Telegram, amakuuzani kuti muzipanga like mavidiyo azikulipirani, ndipo zoona masiku oyamba amatumiza kandalama kochepa kuti mukhulupirire, kenako amati kuti mufike pa levulo yotsatira ikani ndalama zanu kaye, pa sikirini zimaoneka zikukula koma mukati mutape amati lipiraninso ina ya msonkho. Apo ndalama yomwe anakupatsani poyamba ija inali nyambo chabe, yochokera kwa amene anaberedwa inu musanafike.

Sitepe yachitatu: ndalama ya pangozi ndi kuthetsa ngongole zodula

Tengani nambala ya mwezi umodzi ija muichulukitse katatu, imeneyo ndi ndalama yoyamba yomwe mukufuna kusunga, ndipo amene ntchito yawo ndi yosadalirika ayesetse kufika miyezi 6. Iikeni mu akaunti ina yosiyana ndi ya tsiku ndi tsiku, yoti mutha kutapa mwachangu koma osati yolumikizidwa ndi khadi yomwe mumayenda nayo. Musunge tsiku lomwe mwalandira malipiro, osati kudikira zotsala kumapeto kwa mwezi, sizitsala. Ndalama imeneyi si yoti ikule ayi, ntchito yake ndi yoti matenda kapena kuchotsedwa ntchito kusakukakamizeni kugulitsa katundu wa geni motchipa kapena kuthamangira kwa akatapila.

Za ngongole, pali kasamu kosavuta komwe muyenera kukadziwa. Tengani 72 mugawe ndi chiwongoladzanja cha pachaka, yankho lake ndi zaka zomwe ndalama imatenga kuti ichuluke kawiri. Ndalama yomwe ikupindula 8 peresenti pachaka imachuluka kawiri pa zaka 9. Ngongole ya 36 peresenti pachaka imachuluka kawiri pa zaka ziwiri zokha. Mwaona kusiyana kwake? Ndiye palibe nzeru kuika ndalama m'masheya ukuyembekezera 8 pomwe kumbuyo kuli ngongole yomwe ikukudya 36. Lembani ngongole zonse, muyambe kuthana ndi ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri kwinaku zinazo mukulipira zochepa zomwe munagwirizana. Ndipo mukamatenga ngongole pa ma app a pa foni, akakuuzani kuti ndi 10 peresenti funsani kuti pamwezi kapena pachaka, chifukwa 10 pamwezi ndi kuposa 120 pachaka.

Sitepe yachinayi: geni yaing'ono, koma muiyese kaye

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amathera mpamba, ndipo zimandiwawa kuona munthu wasunga chaka chonse kenako zonse n'kuthera mu lendi ya shopu ndi penti, kasitomala asanapeze ndi mmodzi yemwe. Geni imayamba ndi wogula, osati ndi malo. Maganizo a bizinesi ndi ambiri ndipo si achinsinsi: kukonza mafoni, kumeta ndi kuluka tsitsi, kusoka, kuphunzitsa ana pambali, kujambula zithunzi, kutsuka magalimoto, kukonza m'nyumba ndi m'maofesi, kuoda katundu n'kumagulitsa pa intaneti. Kwa woyamba kumene, geni yogulitsa luso imaposa yogulitsa katundu, chifukwa mpamba wake ndi wochepa ndipo palibe sitoko yomwe ingakuwonongekereni.

Kuyesa kwake ndi motere. Pezani anthu atatu omwe si abale anu komanso si anzanu apamtima, omwe alipire ndalama zenizeni pa chinthucho. Wina akakuuzani kuti ndi ganizo labwino ndidzagula, musawerengere, werengerani yekhayo amene watulutsa ndalama. Ngati ndi katundu, jambulani chithunzi, ikani pa status, tengani maoda kaye ndi kandalama ka chikole, kenako mukaode. Akagula atatu pitani pa khumi, ndipo muone ngati ena akubweranso kachiwiri, chifukwa kubweranso ndi umboni weniweni.

Kenako masamu, ndipo tiyeni tichitire limodzi. Tiyerekeze kuti mwaoda zinthu 10, chilichonse pa 100, ndiye mwatulutsa 1,000. Mukugulitsa pa 130, mumtima mwati phindu ndi 300. Koma chimodzi chafika chowonongeka, mwagulitsa 9, zalowa 1,170. Thiransipoti yokatenga katundu yadya 80, data ndi kuimba foni zadya 40. Chotsani 1,000 ndi 120 ija, mwatsala ndi 50 basi, osati 300. Ndiye wina mwa 9 aja akatenge pangongole n'kusowa, mwaluza 80 pomwe tsiku lonse mumaona ngati geni ikuyenda chifukwa ndalama zimadutsa m'manja. Ichi n'chifukwa chake anthu amati ndimagulitsa kwambiri koma sindikuona komwe ndalama zikupita. Ndipo nthawi yanu sitinaiwerengere n'komwe.

Musanachite lendi malo, chitaninso kasamu kena: tengani zonse zomwe muzilipira pamwezi kaya mwagulitsa kaya ayi, mugawe ndi phindu lenileni la chinthu chimodzi. Lendi ndi magetsi zikakhala 600 ndipo chinthu chimodzi chimakusiyirani 30, mukuyenera kugulitsa 20 pamwezi kuti mungofika pa ziro. Ngati pano mukugulitsa 12, malo aja akudyani, dikirani kaye.

Zina ndi zachidule. Ndalama za geni zikhale ndi akaunti yakeyake, ndipo inuyo muzidzilipira malipiro okhazikika m'malo mongotapa mukafuna. Ngongole kwa makasitomala ikhale ndi malire ndipo izilembedwa. Musasiye ntchito mpaka geni itakupatsani ndalama yokwanira mwezi kwa miyezi ingapo motsatizana. Ikayamba kukula kailembetseni ku boma ndipo mudziwe za msonkho, chifukwa makampani akuluakulu sagula kwa munthu wopanda mapepala.

Sitepe yachisanu: kuika ndalama kuti ikule

Ndalama yongokhala imachepa mphamvu chifukwa mitengo ya zinthu imakwera, ndipo kasamu ka 72 kaja kamagwiranso apa: mitengo ikamakwera ndi 12 peresenti pachaka, pa zaka 6 ndalama yanu izigula theka la zomwe ikugula lero. Ndiye chilichonse chomwe mwaikamo ndalama muzichiyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, osati ndi ziro.

Funso lathu lija apa limayankhika chonchi. Mukagula Treasury bill kapena bond mwabwereketsa boma kapena kampani, ndipo chiwongoladzanja chikuchokera ku misonkho kapena ku malonda awo. Mukagula masheya mwagula kachigawo ka kampani, ndipo phindu likuchokera ku zomwe kampaniyo ikugulitsa, gawo lina amakupatsani ngati dividend, lina limaonekera pa kukwera kwa mtengo wa sheya. Ndalama yomwe muifune pasanathe zaka zitatu kapena zisanu isapite ku masheya, ipite ku fixed deposit kapena ma Treasury bill, chifukwa msika umagwa nthawi zina ndipo umagwa kwambiri. Mu 2008 S&P 500, yomwe ndi mndandanda wa makampani 500 akuluakulu a ku America, inatsika ndi pafupifupi 37 peresenti chaka chimodzi, ndipo pakati pa February ndi March 2020 inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'masabata ochepa. Inadzakweranso, koma amene anakakamizika kugulitsa ili pansi anataya.

Kuti muyambe, tsegulani akaunti kwa broker, wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, yemwe ali ndi laisensi, ndipo laisensiyo mukaione nokha pa website ya bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'dziko lomwe muli, osangokhulupirira chithunzi cha setifiketi chomwe wakutumizirani. Kenako musaike zonse mu kampani imodzi ngakhale muikonde bwanji. Kampani ya ku America ya Enron itagwa mu December 2001 antchito ake ambiri anataya ntchito ndi penshoni nthawi imodzi chifukwa penshoniyo inali m'masheya a kampani yomweyo. Njira yosavuta yomwaza ndalama ndi index fund, yomwe imagula makampani onse a pa mndandanda nthawi imodzi pa mtengo wochepa. John Bogle wa kampani ya Vanguard ndi amene anatsegulira anthu wamba yoyamba mu 1976, ndipo Warren Buffett, katswiri wotchuka wa masheya, anabetcha madola 1 miliyoni kuti pa zaka 10, kuyambira 2008 mpaka 2017, index fund ya S&P 500 iposa ma hedge fund (makampani oyendetsa ndalama za anthu olemera) osankhidwa ndi akatswiri, ndipo anawina ndi patali. Kwa ine imeneyi ndi njira yoyenera kwa munthu amene ali ndi ntchito yake ndipo alibe nthawi yowerenga malipoti a makampani usiku.

Yang'anitsitsani zomwe amadula. Ndalama yokwana 1,000 ikamakula ndi 7 peresenti kwa zaka 30 imafika pafupifupi 7,600, koma akamadula 2 peresenti chaka chilichonse n'kutsala 5, imangofika pafupifupi 4,300. Kanambala kakang'ono kaja kadya pafupifupi theka. Ndipo ngati kuntchito kwanu kuli penshoni yomwe abwana amaonjezerapo mukaika yanu, yambani ndi imeneyo. Mukatero muziika ndalama yofanana mwezi uliwonse, msika ukwere kapena utsike, osamatsegula app tsiku lililonse.

Forex ndi ma CFD, komwe mumabetcha pa kukwera kapena kutsika kwa mtengo wa chinthu osachigula, ndi nkhani ina. Mu 2018 bungwe la ESMA loyang'anira misika ku Europe linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya ma akaunti a anthu wamba ochita CFD amaluza. Chomwe chimapha ndi leverage, kuchita malonda ndi ndalama zobwereka zoposa zanu: pa 1:100 mtengo ukangoyenda 1 peresenti mbali yolakwika ndalama yanu yonse yapita. Amene akugulitsa ma signal (mauthenga okuuzani nthawi yogula ndi yogulitsa) ndi makosi amapeza ndalama kuchokera kwa inu ogula makosiwo.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: crypto, ngati mukufunabe

Bitcoin inayamba mu January 2009, yoyambitsidwa ndi munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto, ndipo ma Bitcoin onse sadzapitirira 21 miliyoni. Sibala dividend, ilibe fakitale, ndiye mukafunsa kuti phindu likuchokera kwa ndani yankho ndi loona koma losasangalatsa: kwa munthu wina amene adzalolere kugula pa mtengo wokwera kuposa womwe munagulira. Izi sizikutanthauza kuti ndi chinyengo ayi, koma n'chifukwa chake mtengo umadumpha moopsa. Mu December 2017 inayandikira madola 20,000, patatha chaka inali cha m'ma 3,200. Mu November 2021 inafika pafupifupi 69,000, mu November 2022 inali cha m'ma 16,000, kenako mu December 2024 inadutsa 100,000. Kumbukirani kuti chinthu chikatsika ndi theka chimafunika kukwera ndi 100 peresenti kuti mungobwerera pomwe munali.

Ndiye lamulo loyamba, ikani ndalama yomwe itatha yonse mawa lendi ndi fizi zilipiridwabe, kwa ine isapitirire 5 peresenti ya zomwe mwasunga, ndipo isakhale ya ngongole. Fufuzani kaye malamulo a komwe muli, chifukwa amasiyana kwambiri, China inaletsa malonda a crypto mu 2021 pomwe chaka chomwecho El Salvador inavomereza Bitcoin ngati ndalama ya boma, ndipo m'mayiko ambiri phindu lake limadulidwa msonkho. Gulani pa exchange (msika wa crypto wa pa intaneti) yodziwika yomwe imafunsa ID, adilesi ya website mulembe nokha osadina link yomwe wina watumiza, ndipo yatsani chitetezo chachiwiri cha app ngati Google Authenticator m'malo mwa SMS, chifukwa akuba amatha kulanda nambala ya foni.

Exchange nayonso si banki. Exchange ya Mt. Gox inagwa mu 2014 itasowetsa ma Bitcoin pafupifupi 850,000, ndipo FTX inagwa mu November 2022 mwini wake Sam Bankman-Fried atagwiritsa ntchito ndalama za makasitomala, analamulidwa kukhala kundende zaka 25. Ngakhale zomwe amati stablecoin zimatha kugwa, TerraUSD yomwe inkayenera kukhala dola imodzi nthawi zonse inatheratu mu May 2022. Ndiye ndalama ikayamba kukula, isamutsireni mu wallet yanu, app kapena kachipangizo kosungira crypto nokha. Mukatsegula wallet imakupatsani seed phrase, mawu 12 kapena 24, ndipo amene ali ndi mawuwo ndi mwini ndalama. Alembeni papepala ndi cholembera, osati kujambula sikirini, osati kutumiza pa WhatsApp kapena imelo, ndipo aliyense wofunsa mawuwo, kaya akuti ndi wa support, ndi wakuba. Potumiza yambani ndi kandalama kochepa koyesera, muonetsetse kuti adilesi ndi network ndi zolondola, chifukwa ikapita kolakwika palibe ofesi yokadandaulako.

Akamberembere ambiri masiku ano amabisala mu crypto koma njira yawo ndi yakale. Charles Ponzi mu 1920 ku Boston ankalonjeza 50 peresenti pa masiku 45, akulipira akale ndi ndalama za atsopano. MMM, gulu lina lotere, inkalonjeza 30 peresenti pamwezi, ndipo mukawerengetsa 100 ikanafika pafupifupi 2,300 pachaka, palibe bizinesi padziko yomwe imachita zimenezo. OneCoin inatenga madola pafupifupi 4 biliyoni ilibe n'komwe blockchain yeniyeni, kaundula yemwe crypto imayendera, ndipo mwini wake Ruja Ignatova anasowa mu 2017. Mirror Trading International ya ku South Africa inkati ili ndi kompyuta yochita malonda yokha, inagwa mu December 2020. Zizindikiro zake ndi zomwezomwezo: phindu lotsimikizika losasintha, bonasi mukabweretsa anzanu, kukufulumizitsani kuti mwayi ukutha lero, ndi kukuuzani kuti mulipire kaye kuti mutape ndalama yanu. Ndipo nthawi zambiri amene amakukokeraniko ndi munthu yemwe mumamukhulupirira, yemwe nayenso walandirako kangapo ndipo sakudziwa kuti akulipidwa ndi ndalama za anzake.

Chilichonse chomwe mwagula muzilemba tsiku, kuchuluka, mtengo ndi zomwe anadula, zidzafunika pa msonkho. Musankhiretu lero mtengo womwe mudzagulitsireko gawo lina, mulembe papepala, chifukwa mtengo ukamakwera mtima umakana kugulitsa. Komanso uzani munthu mmodzi wodalirika komwe kuli ma akaunti anu ndi komwe mwabisa pepala la seed phrase lija, mwina kudzera mu wilo, chifukwa crypto ya mu wallet yanu ilibe fomu yomwe banja lingakadzaze mwini wake akamwalira.